Bala la chikwanje linapola, la pakamwa pathu likadali laliwisi

Usiku wolowera chaka chatsopano, zaka ziwiri zapitazo, tinali pakhonde kwa mchemwali wanga ku Area 23. Nyama inali pambaula, ana akuthamangitsana pabwalo, wailesi ikuwerengera mphindi. Itangokwana 12 koloko, anyamata a nyumba yakuseri anayatsa makombola. Mlamu wanga, bambo wa ana atatu, munthu wathupi lake amene amasenza yekha thumba la fetereza, anataya mbale n'kudzigwetsa pansi, n'kukwawira kuseri kwa thumba la makala manja ali kumutu. Ana anaseka chikhakhali mpaka kugubuduka. Akuluakulufe tinayesa kudzigwira koma zinakanika. Inenso ndinaseka nawo, ndisakunamizeni. Mmene kumacha n'kuti dzina litamera kale: a Makombola.

Miyezi 8 izi zisanachitike, zigawenga zinathyola okala yake iye atagona momwemo. Zinawombera mfuti m'mwamba kuti aneba asayerekeze kutuluka, zinamutema ndi chikwanje paphewa, kenako zinamugoneka chafufumimba, wina atamuponda pakhosi, mpaka zitamaliza kukokolola shuga, sopo, mafuta ndi ndalama zonse. Zotsatira zake mukuzidziwa, poti ndi zimene timachita tonse. Tinathamangira naye kuchipatala. Tinkasinthana kupititsa phala m'mawa ndi nsima masana. Amayi a Chigwirizano anabwera ndi nyimbo, a banki m'khonde anasonkha kangachepe, aneba sanatope kudzazonda. Patatha mwezi bala linauma, ndipo tonse tinagwirizana chamumtima kuti munthu uja wachira.

Ife a mu Lilongwe, mwinanso Amalawi tonse, chifundo chathu n'chachikulu koma n'chachifupi. Bala looneka timadziwa kulizonda. Likangouma timayamba kuwerenga masiku, ndipo munthu akapitirira masiku amene tamuikira akadali wamantha, chifundo chija chimasanduka bwalo la milandu. Ndemanga yangayi yagona pamenepa: chiweruzo chimenechi sichithera pa kupweteketsa mtima chabe. Chimakolezera matendawo, ngati mmene mphepo imachitira ndi moto wa lupsa.

Madokotala amawatchula matendawa kuti PTSD, chidule cha mawu achingerezi akuti post-traumatic stress disorder. M'Chichewa tilibe liwu limodzi lowatchulira, n'chifukwa chake timangowaponya m'dengu limodzi ndi "maganizo", "BP", "mantha" kapena "misala". Amagwira munthu amene anadutsa m'zoopsa zoti akanafa nazo, anavulazidwa kwambiri kapena kugwiriridwa, ngakhalenso amene anaona ndi maso ake zoterezi zikuchitikira wina. Chinthu chija chimamubwerera chosaitanidwa, usiku m'maloto, masana ngati chithunzi chamoyo, fungo lake ndi phokoso lake lomwe, moti thupi limakhulupirira kuti zikuchitika panopa. Munthu amayamba kulambalala chilichonse chomukumbutsa: msewu uja, minibasi, mdima, nkhaniyo imene. Amakhala tcheru usana ndi usiku, chitseko chikamenyetseka amadumpha, tulo timasowa, mkwiyo umakhala pafupi. Ndiye palinso kudziimba mlandu, ndi kuuma kwina kwa mumtima koti mwana wako akuseka pamiyendo pako iwe osamva kanthu. M'masabata oyamba zambiri mwa izi n'zachibadwa, ndipo kwa anthu ambiri zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi n'kumamulepheretsa munthu kugwira ntchito kapena kukhala ndi anzake, apo ndiye timati ndi matenda.

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ili ngati ya mlonda wokhala ndi wenzulo. Kakaona choopsa kamaimba wenzulo munthu asanaganize n'komwe: mtima umathamanga, mpweya umakwera, mphamvu zimathamangira m'miyendo ndi m'manja. Kamatipulumutsa kameneka. Ndi kamene kamakudumphitsa njinga ya kabaza ikatulukira mwadzidzidzi pa depoti. Koma pambuyo pa zoopsa zazikulu mlonda uja amabalalika. Phokoso la makombola kwa iye ndi mfuti basi, ndipo mbali ya ubongo yoyenera kumuuza kuti "tonthola, zija zinali za mu Epulo" imachedwa kulankhula. Mlamu wanga sanachite kusankha kukwawira kuseri kwa makala. Thupi lake linabwereza zimene linachita usiku wa zigawenga, zomwe zinamusiya wamoyo.

Ndamvapo anthu, ena ophunzira bwino ndithu, akunena kuti amenewa ndi matenda a azungu, obwera ndi mabungwe ndi misonkhano ya m'mahotela. Akuti makolo athu anaona thangata, nkhondo, njala ya 1949 ndi ndende za nthawi ya chipani chimodzi, koma palibe anagona pansi chifukwa cha makombola. Dzinali ndi lachilendodi, ndipo si lakale: madokotala a ku America analilemba m'buku lawo la matenda a m'maganizo mu 1980, ataona mmene asilikali obwerera ku nkhondo ya ku Vietnam ankavutikira. Koma azunguwo nawonso anayamba ndi kuweruza, mwankhanza kuposa ife. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 asilikali ambiri ankanjenjemera, kusiya kulankhula kapena kuthawa chifukwa cha mizinga. Asilikali 306 a Britain ndi mayiko amene inkawalamulira anawomberedwa ndi akwawo omwe pa milandu monga mantha ndi kuthawa nkhondo, ndipo boma la Britain linadzawakhululukira mu 2006, patatha zaka pafupifupi 90, litazindikira kuti ena mwa iwo anali odwala.

Nanga makolo athuwo analimbadi onse? Kafunseni kumudzi za agogo amene anabwerera ku Burma ndi gulu la King's African Rifles nkhondo yachiwiri itatha, kapena amene anachoka ku migodi ya ku Joni mwala utagwera anzawo iwo akuona. Mudzamva za mkulu amene ankakuwa kutulo, amene sankalola kukhala chofulatira khomo, amene kachasu anamutenga akadali ndi mphamvu. Tinkati anabwerako ndi mizimu. Matenda analipo kalekale, dzina ndi limene linachedwa.

Ndipo makolowo ankatiposa pa chinthu chimodzi. Ankadziwa kuti mtima suchira pa sabata. Pa Chichewa maliro sankathera tsiku loika. Kunali kumeta koyamba, kenako patapita miyezi mowa unkafululidwa, anthu n'kusonkhananso kudzameta kachiwiri. Mudzi wonse unkavomereza kuti wofedwa akadali m'chisoni mpaka tsiku limenelo, ndipo palibe ankamufunsa kuti akuchedweranji. Ife a m'tauni kuleza mtima kumeneku tinakusiya kumudzi, tinangotengako "limbani mtima". Abwana amakupatsa masiku owerengeka, landilodi sadikira, ndipo Lolemba uyenera kuoneka pantchito nkhope ili gwa.

Tsono taganizani kuchuluka kwa anthu amene timathithikana nawo m'minibasi mumzinda muno atasenza zimene anaona. Alipo amene anali mumsewu pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, zimene zinaphetsa anthu 20 m'dziko muno. Alipo amene anali pachipata cha Bingu National Stadium pa 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondedwa. Chaka chomwecho mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire. Asilikali athu akhala akupita ku DRC, ndipo mu Novembala 2018 anzawo 6 anaphedwa kufupi ndi Beni. Otsalawo anabwerera kumabanja awo ndi zonse zimene maso awo anaona. Ku Dzaleka ku Dowa, pafupi pompa, kuli anthu oposa 50,000 othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anagwa kummwera, inde, koma ndikudziwa banja ku Kawale limene likusunga mtsikana amene anapulumuka matope a ku Chilobwe, ndipo mvula ikayamba kugunda malata iye amakhala tsonga mpaka mbandakucha. Onjezanipo ngozi za pa M1, anamwino amene amalandira matupi ophwanyika usiku ndi usiku, ndi amayi amene anatuluka m'chipinda chochilira chimanjamanja.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse amakumana ndi zoopsa zotere pa moyo wawo, koma mwa amenewa ndi pafupifupi 6 okha mwa 100 amene amadwala PTSD. Chiwerengerochi n'chotonthoza, koma ife tinachisandutsa chikwapu. "Mesa anzako anali m'galimoto yomweyo? Bwanji iwo ali bwinobwino?" Ngati kuti udzudzu ukaluma anthu khumi m'nyumba imodzi, amene wadwala malungoyo ndiye waulesi.

Chimene chimasiyanitsa wodwala ndi wosadwala chinafufuzidwa. Mu 2000 katswiri wa ku Britain, Chris Brewin, ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 77 pa funso limeneli. Zina mwa zimene anapeza mukhoza kuzilota nokha: kukula kwa zoopsazo, nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana. Koma chimodzi mwa zimene zinalemera kwambiri pa sikelo chinali kusowa anthu omugwira dzanja zoopsazo zitapita. Anthu amenewo si ena ayi. Ndife aneba, alamu, akumpingo, anzake a pamsika.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumvetsa. Mantha amachepa munthu akamayandikira pang'onopang'ono chimene akuchiopa n'kuona kuti sichikumuluma. Manyazi amamubwezera m'nyumba. Mlamu wanga titamupatsa dzina lija anasiya kupita ku bawo, anasiya kukhala pakhonde, kutchalitchi ankalowa mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Akakhala yekha m'chipinda, usiku uja unkapeza mpata wabwino womubwerera. Zigawenga zinamutema kamodzi n'kumapita. Ife tinkamutema tsiku ndi tsiku, uku tikumwetulira.

Chiweruzo choipitsitsa timasungira amayi ndi atsikana ogwiriridwa. Funso lake limadziwika, ndipo limatuluka ngakhale m'kamwa mwa azakhali ndi anankungwi: "Nanga bwanji sunakuwe? Bwanji sunalimbane naye?" Kuseri kwa funsoli kuli mlandu wathunthu, woti unafuna wekha. Koma mlonda wa mu ubongo uja ali ndi njira zitatu. Pali kumenya, pali kuthawa, ndipo ziwirizi zikaoneka zosatheka pali kuuma gwa, mawu osatuluka, miyendo yosasuntha, monga mmene imachitira nkhuku ukaipanikiza pansi. Madokotala a ku Stockholm ku Sweden anafunsa amayi 298 amene anabwera kuchipatala atagwiriridwa, ndipo mu 2017 analengeza kuti 70 mwa 100 alionse anauma chonchi pa nthawiyo. Amene anaumawo ndi amenenso PTSD inkawagwira kwambiri pambuyo pake. Ndiye mtsikana amene usiku uliwonse amadzifunsa yekha chifukwa chimene sanakuwire, ife timabwera kudzamufunsa funso lomwelo masana, pagulu.

Sitinaiwale za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, pamsewu wa ku Mchinji pompa. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zipolowe, amayi ndi atsikana a m'maderawa anadandaula kuti apolisi anawagwirira ndi kuwachita zachipongwe. Mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukuta misozi. Amene munali pa Facebook masiku amenewo mukukumbuka zimene ena ankalemba: akunama, atumidwa ndi andale, akungofuna ndalama. Olembawo ankaganiza kuti akulankhula za amayi 18 basi. Koma mayi aliyense m'dziko muno amene anali ndi chinsinsi chake ankawerenga nawo, n'kutolapo phunziro loti bola kungokhala chete.

Amuna chiweruzo chawo n'chachifupi: mwamuna salira. Mwamuna woletsedwa kulira amakapeza njira ina, ku bawa, m'timabotolo ta mowa waukali, kapena m'chibakera. Ife timaona mowawo n'kunena kuti vuto lake ndi limenelo, osafunsa chimene akuthawa.

Ndifike kutchalitchi, ndipo ndiyende mosamala poti nanenso ndine wopemphera. Pemphero limagwira mtima wa anthu ambiri, ndipo kwaya, mphakati kapena gulu la amayi ndi amene nthawi zambiri amakhala oyamba kufika pakhomo. Koma pali uphungu wina umene umati mantha ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, ndipo maloto aja ndi ziwanda. Mchemwali wanga, atasowa pogwira, anapita naye mwamuna wake ku mapemphero a usiku kwa mneneri wina. Anamuimika pakati, zokuzira mawu zili pamwamba, anthu akukuwa momuzungulira, wina n'kumugwira pakhosi n'kumukankhira pansi. Taganizani bwino. Munthu amene anagonekedwa pansi ndi zigawenga phazi lili pakhosi! Ananjenjemera, anakuwa, ndipo onse anaomba m'manja kuti chiwanda chikutuluka. Anabwerako n'kukhala masiku atatu osagona. Ataona kuti sakuchira, anamuuza kuti pali tchimo limene sanaulule. Wodwala shuga sitimuuza zimenezi. Komanso tonse timaidziwa nkhani ya Eliya, amene atathawa Yezebeli anakagona pansi pa kamtengo n'kupempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Pali mbali ina imene sindingaibise, chifukwa amene amatsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo. Kukhala ndi munthu wodwala matendawa n'kotopetsa. Mchemwali wanga ndi amene ankadzutsidwa 2 koloko usiku kuti akaonenso ngati chitseko n'chokhoma, kachitatu. Ndi amene ankayendetsa okala, kulera ana, n'kulandiranso mkwiyo wosadziwika kochokera. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, ndizimunyengerera mpaka liti?" Funso limeneli si lankhanza, ndipo iyenso ankafunika womuzonda. Matendawa si chiphaso chomenyera mkazi kapena ana. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinapatule odwala PTSD, ndipo mayi amene akumenyedwa apite ku Victim Support Unit ya polisi, ngakhale wodwalayo tikumumvera chifundo. Kumulekerera wodwala kuti azingobisala m'chipinda nakonso kumamuwononga. Kusiyana kuli pa mawu amene timamutulutsira panja. "Alamu, mukudwala, tiyeni tikaonane ndi adokotala" amamutsegulira chitseko. "Alamu, mwasanduka mkazi" amamukhomera mkati, n'kutukwana akazi onse panjira.

Tili ndi chizolowezi chinanso chimene timachiyesa chikondi, chofunsitsa. Wozonda aliyense amafuna nkhani yonse kuyambira pachiyambi: "Ndiye zinayamba bwanji?" Mlamu wanga ali m'chipatala anafotokoza usiku uja kwa aliyense wobwera ndi botolo la Sobo, m'mawa, masana ndi madzulo. Kenako nkhaniyo inamera miyendo, ikukula m'njira, mpaka inakafika pa WhatsApp itasanduka yoti anapempha zigawenga chikhululuko akulira. WHO imalangiza kuti munthu amene wangopulumuka kumene asakakamizidwe kufotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti kutero sikuteteza ku matendawa, ndipo ena kumawapweteka. Masiku oyamba munthu amafuna chitetezo, chakudya, tulo ndi wina wokhala naye pafupi. Za ojambula zithunzi pamalo a ngozi, foni ili m'mwamba mnzawo akutuluka magazi, ndisayambe n'komwe, ndingatukwane.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mukuwerenga izi mtima ukugunda chifukwa mwadzizindikira.

Nkhani yanu si ngongole yoti muzibweza kwa aliyense wofunsa. "Zimenezo sindikufuna kukamba lero" ndi yankho lokwanira, ngakhale kwa apongozi, bola kulinena mwaulemu. Koma musafe nayonso m'mimba. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri amene pakamwa pawo mumapadziwa, muwauze chimene chimakudzidzimutsani ndi chimene achite zikachitika, kaya ndi kukutchulani dzina, kaya kungokhala nanu osakugwirani. Ena sadzamvetsa ngakhale mutawafotokozera usiku wonse. Akuluakulu anati chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Mphamvu zimene mukanawononga powatsimikizira anthu oterewa kuti simunapenge, zisungeni, mukuzifuna.

Chithunzi chija chikabwera, thupi limafuna umboni woti muli pano, osati uko. Pondani pansi mwamphamvu. Tchulani tsiku la lero ndi malo amene muli. Tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona, sukusulani ndi madzi ozizira, tulutsani mpweya pang'onopang'ono kuposa mmene mwaukokera. Izi sizichiza, koma zimakubwezani. Mowa ndi chamba zimagonetsa usiku umodzi n'kukulitsa vuto mawa lake. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam, amene ena amagula mwamseri, akatswiri sawalimbikitsa pa matendawa, chifukwa thupi limawazolowera ndipo muzu sauzula.

Chimene sitiuzana n'chakuti matendawa amachizika. Mankhwala ake aakulu ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kumeneko munthu amabwereradi ku chochitika chija, koma mosiyana ndi kufunsidwa ndi ozonda: amapita pa liwiro lake, mwa kufuna kwake, ali pamalo otetezeka, ndi munthu wodziwa pomuimitsa, mpaka ubongo utachiika chinthucho m'gulu la zakale. Njira imodzi yotere inayesedwa pakati pa anthu a ku Sudan othawa nkhondo m'misasa ya ku Uganda. Munthu amayala chingwe pansi kuimira moyo wake kuyambira kubadwa, n'kuika maluwa pa zokoma ndi miyala pa zowawa, kenako n'kumafotokoza mwala umodziumodzi. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa wodwala amaona ndi maso kuti mwala uja, ngakhale ukule bwanji, uli ndi malo ake pachingwe, ndipo maluwa aliponso. Palinso mapiritsi, monga fluoxetine, amene dokotala angapereke ngati aona kuti n'koyenera.

Mu Lilongwe muno yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukanene mosabisa kuti simukugona, mukulota zoopsa, kuyambira tsiku lakutilakuti. Mukangoti "mutu ndi mtima" mubwerako ndi panado. Pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a m'maganizo. A St John of God ali ndi chipatala cha matenda amenewa ku Area 43. Wogwiriridwa athamangire ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitiridwa nkhanza ku Kamuzu Central Hospital, kapena chipatala chilichonse pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Nambala za 116 ya ana ndi 5600 ya ochitiridwa nkhanza ndi zaulere. Ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukuyenderani, uzani munthu lero lomwe, musadikire kuti kuche.

Sindikunena kuti thandizoli n'lokwanira. Akatswiri ndi ochepa kwambiri, ndipo kwa zaka zoposa 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1948, limene nkhawa yake yaikulu inali yotsekera "amisala". Mpaka lero mawu akuti "tikupititsa ku Zomba" timaopsezera nawo anthu. Boma lili ndi ngongole pamenepa, ndipo tiziliuza. Koma ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa zipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi nkhawa ndi maganizo, kafukufuku n'kuonetsa kuti zimathandiza, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe muno. Agogo tili nawo, mabenchi tili nawo. Chimene agogo aja anachita kuphunzitsidwa ndi kumvetsera osaweruza.

Mlamu wanga anakaonana ndi mlangizi patatha chaka ndi theka chichitikireni za zigawenga zija. Amene anamukoka si ine, si mneneri, koma mkulu wina wa m'dera lawo amene kale anali msilikali. Mkuluyu sanamufunse kalikonse. Ankangobwera madzulo ndi bawo lake m'khwapa, n'kukhala pakhomo mpaka mnzake atatuluka. Patatha milungu ingapo ndi pamene ananena, maso ali pa nkhomo za bawo, kuti nayenso anakhalapo zaka osagona, ndipo akudziwa kopita.

Ine ndinapepesa mochedwa. Ndinati, "Alamu, tsiku lija ndinaseka nawo. Ndinalakwa." Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndinakumvani, alamu. Mwa onse aja, mawu anu ndi amene ndinawazindikira."

Pa 31 Disembala wapitayu, cha m'ma 11 koloko, mchemwali wanga anatuma mwana kwa anyamata akuseri aja kuti akamayatsa ayambe adziwitsa. Nthawi itakwana mmodzi anabwera kudzagogoda: "Ankolo, tikuyatsa tsopano." Mlamu anakhala pampando pakhomo, msana atatsamira khoma, manja atagwira mawondo. Kuphulika koyamba anadumpha. Kwachiwiri anatseka maso. Pampando sanachokepo. Ku okala sagonakonso mpaka pano, ndipo pamsika alipobe awiri atatu amene amamuitana a Makombola.